Disiketi Yolembedwa Maureen

1

Ngati munali pamsika wa Milepa chaka chatha, nyengo yogulitsa nandolo, ndiye kuti mukundidziwa. Ndine mayi uja anachita kunyamulidwa ndi azimayi anzake kuchoka m'shopu ya makompyuta, duku lili m'manja, nsapato imodzi itatsala m'katimo. Ena anandijambula pafoni n'kumatumizirana. Mwaseka mokwanira, tsopano khalani pansi mumve mmene zinayambira.

Dzina langa ndi Nester. Amuna anga a Frackson kwawo ndi ku Mpama, ndipo anabwera kwathu kudzakhala chikamwini ine ndili kamtsikana. Timawaitana kuti bambo a Limbikani, potengera mnyamata wathu wamkulu. Ndi munthu wa mawu ochepa. Ukawafunsa funso m'mawa, yankho umalilandira madzulo litapola kale. Wapakamwa m'nyumba muno ndine, ndipo sindikana. Komanso kutchalitchi kwathu ndine mlangizi wa mabanja, amene ndimakhazika pansi atsikana okwatiwa n'kumawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Musaseke.

Ndinayamba kukayikira pamene munthu amene kumsika ankapitako pokagula mbewu basi anayamba kupitako sabata iliyonse, malaya atasita yekha. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Ndikufika apa." Pobwera nkhope ili ndwii, chakudya akungotolatola ngati mlendo. Mumtima ndinati galu wamkota sakandira pachabe. Ndinayamba kuopa kuti banja langa la zaka zoposa makumi awiri likunditerereka m'manja.

2

Nkhani inabwera ndi mng'ono wanga Sophie, amene amagulitsa tomato pamsikapo. Anandipeza ndikupeta nandolo pakhonde.

"Achemwali, ine sindikufuna kukupasulirani banja," anayamba motero. Sophie akayamba choncho, dziwani kuti khasu logumulira wabwera nalo kale.

"Nena, ndili pantchito."

"Alamu anga ndawaona kangapo akulowa kwa Asiya."

"Asiya wake uti?"

"Mwana wa mlongo wawo wa Che Bakili ogulitsa nsalu aja. Uja anaphunzira zamakompyuta ku Blantyre, amakonza mafoni ndi kusindikiza makadi a ukwati. Akangolowa alamu, iye amakoka katani."

"Mwina akukonzetsa foni."

"Iii, foni yanji yomafa sabata iliyonse? Nanga foni ikamakonzedwa mwini wake amatuluka maso atafiira?"

Ndinaseka kuti aone ngati sizinandikhudze. Asiya ndinkamudziwa. Ndi mtsikana wa msinkhu wa Limbikani, wofatsa, wovala hijabu yake bwinobwino, ndipo tinamva kuti ali pachitomero ndi mnyamata wa ku Magomero. Koma mtima ukadwala nsanje, ngakhale kufatsa kwa munthu umakuyesa chinyengo.

Kuyambira tsikulo sindinakhazikikenso. Ndiwo ndinkathira mchere kawiri. Ndinkapita kudimba n'kubwerera panjira, khasu ndaiwala. Ndinkangoganiza za azimayi a kutchalitchi akunong'onezana kuti mlangizi uja banja lamukanika.

3

Tsiku lina bambo a Limbikani atapita kukathirira mbewu kudimba, ndinasanthula nyumba yonse. Pamwamba pa wadiropu panali chikwama chawo chakale, cha nthawi imene ankagwira ntchito kubungwe lina la zaulimi titangokwatirana. M'katimo ndinapeza kanthu kokulungidwa m'kansalu, n'kuikidwanso m'jumbo ya shuga.

Inali disiketi. Achinyamata a lero simungaidziwe. Ndi kapulasitiki kakuda kaphanthiphanthi, kokwana m'chikhatho, kokhala ndi kachitsulo kotsetsereka kumutu kwake. Kale zinthu za pakompyuta ankasungira mmenemo, mafulashi asanabwere. Pakapepala kake panali dzina limodzi, lolembedwa ndi dzanja la amuna anga: MAUREEN. Inki inali itafwifwa.

Kufwifwa kwa inkiyo ndiko kunandipweteka kwambiri. Ndiye kuti si za dzulo izi. Ndakhala ndikugona m'chipinda chimodzi ndi dzina la mkazi wina zaka zonsezi, ndikulipukutira fumbi pamwamba.

Foni yawo anali ataisiya patchaji. Sindibisa, ndinaitsegula. Uthenga wa Asiya unali pamwamba: "Bambo, chipangizo china chafika kuchokera ku Limbe. Bwerani Lachinayi ndi disiketi ija tiyesenso za Maureen. Mayi sanadziwebe eti?"

Mayi sanadziwebe! Mutu wanga unayamba kuluka nkhani. Mwina Maureen ndi chibwenzi chakale ndipo Asiya ndi mtumiki wawo. Mwina Asiya yemweyo ndiye nkhani, Maureen n'chophimbira. Zonse zinkandikwana, ndipo zonse zinkandiwotcha.

Atabwera kudimba ndinawapatsa madzi osamba m'manja, kenako ndinaponya funso.

"Maureen ndani?"

Manja awo anaima m'beseni.

"Dzinalo mwalimva kuti, mayi a Limbikani?"

"Wafunsa ndine. Maureen ndani?"

Anaweramitsa mutu. Atadzutsa mutu, maso anali atalengeza misozi.

"Ndipatseni mpaka Lachinayi. Ine ndapirira zaka zambiri, inunso pirirani masiku ochepawa. Ndidzakuuzani zonse."

Munthu amene sanalire ngakhale pamaliro a bambo ake, lero akulengeza misozi chifukwa cha dzina la mkazi. Ndinanyamula beseni lija n'kukakhuthula madzi panja mwamphamvu, nkhuku zinabalalika.

4

Lachinayi linali tsiku la msika. Iwo atangonyamuka, ine ndinakwera kabaza pambuyo pawo, ndikumukalipira mwini njinga kuti akupalasa ngati wadya phala lokha. Sophie anandiona ndikutsika, ndipo anangoloza ndi mlomo. Katani inali yokoka.

Ndinaikankha n'kulowa. Amuna anga anali atakhala pabenchi pafupi ndi Asiya, onse maso ali palaputopu. Patebulo panali kabokosi kakang'ono kolumikizidwa kulaputopuyo ndi chingwe, kakulira kuti kwe-kwe-kwe ngati khoswe akuteketa chitsononkho. Disiketi ija inali m'kabokosimo. Bambo a Limbikani anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika osaipukuta.

"Eya! Ndakupezani!" ndinakuwa, n'kumenya tebulo.

Asiya anadzambatuka. "Mayi, chonde, musagwedeze tebulo!"

Tebulo! Ine banja likutha, iye akudandaula tebulo.

"Iwe mwana wopanda mwambo, anyamata atha pa Milepa pano kuti uzitsekera amuna a eni m'katani? Kapena ndiwe mtumiki wa hule mnzakoyo?"

Amuna anga anaimirira n'kutchinga sikirini ndi thupi lawo, manja atatambasula. Anandiitana ndi dzina langa, zimene sachita pagulu.

"Nester, dikira pang'ono pokha. Ndakupemba, pang'ono pokha."

Kutchingako ndi kumene kunandimaliza. Ndinati akubisa nkhope ya mkazi wawoyo. Ndinagwira chingwe chija n'kuchizula, kabokosi kanasiya kulira. Disiketi inakana kutuluka, ndiye ndinaikoka ndi mphamvu mpaka kachitsulo kake kanang'ambika. Ndinaithyola pakati, ndinasolola kachinthu kakuda kopyapyala kam'kati n'kukafinya m'manja, kenako ndinakaponda ndi nsapato.

"Nayo Maureen wanuyo!"

Bambo a Limbikani anatulutsa mawu amene sindinawamvepo chikwatiwire. Sikunali kulira, sikunali kukuwa. Anagwada pansi n'kuyamba kutola tizidutswa tija.

Pakhomo anthu anali atadzaza. Ine pakamwa panali posatseka, ndinamutchula Asiya mayina amene sindingawalembe m'magazini ino. Azimayi a tomato ndi amene anandinyamula. Ndili m'malere choncho ndinkaona ngati ndapambana.

5

Tsiku limenelo amuna anga sanabwere kunyumba. Wakabaza wina anandiuza kuti wawasiya panjira ya ku Mpama.

M'mawa mwake kunafika alendo: Che Bakili, Asiya atakumbatira laputopu yake, ndi atsibweni anga amene ndi ankhoswe a banja lathu. Ndinayala mphasa mtima uli m'mwamba, koma nkhope ndinaiumitsa.

Che Bakili anayankhula mosakweza mawu. "Mayi, ife ndi inu takhala limodzi kuyambira makolo. Nsalu za ukwati wanu munagula kwa ine. Dzulo mwamuvula mwana wathu pamsika, ndipo akuchimuna ku Magomero amva kale. Akuti chitomero chiyambe chaima. Sitinabwere kudzakangana. Mwanayu ali ndi mawu."

Asiya anayamba kufotokoza, maso ali otupa.

"Bambo anandipempha kuti ndisauze munthu, ndipo ndinalonjeza. Koma dzina langa laipa, ndiye mundikhululukire, ndinena. Anabwera ndi disiketi ija kuti muli chithunzi chimodzi, ndichisamutsire pakompyuta ya masiku ano. Makompyuta a lero alibe polowetsa disiketi, ndiye tinaitanitsa kabokosi kowerengera. Koyamba kanali kofooka, kongowerenga mwa apo ndi apo, ndiye tinadikira kena. Disiketinso inali itachita chuku m'kati, ndinachita kuipukuta ndi thonje ndi sipiriti. Katani ndinkakoka chifukwa cha fumbi la pamsika."

"Nanga sabata zonsezi?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

"Kompyuta inkakana kuitsegula. Ndinapeza pulogalamu imene imawerenga pang'onopang'ono, kachigawo kamodzikamodzi, ikalephera imabwerezanso, ndipo chimene yawerenga imasunga palaputopu. Koma disiketi yakale ikamazungulira imanyenyeka. Ndinawauza bambo kuti mwina tatsala ndi mwayi umodzi. Dzulo inayamba kuwerengeka bwino koyamba. Chithunzi chimabwera kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, mzere ndi mzere."

Anatsegula laputopu n'kuitembenuzira kwa ine.

"Pamene munazula chingwe, inali itafika apa."

6

Pamwamba pa chithunzicho panali khoma lobiriwira la kuchipatala. M'munsi mwake munali kachipewa ka ulusi wachikasu, kokhala ndi mzere woyera wokhota pang'ono, chifukwa woluka wake anali wophunzira kumene. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Ndinaluka ndine.

Apa ndiyenera kukuuzani chimene kwathu sitinena. Limbikani si mwana wanga woyamba. Chaka chimene tinakwatirana ndinachira mwana wamkazi, koma ndinataya magazi ambiri ndipo ananditumiza kuchipatala chachikulu ndili chikomokere. Mwanayo anakhala ndi moyo masiku ochepa chabe. Pamene ndinatsitsimuka, zonse zinali zitatha.

Kwathu mwana akamwalira asanatuluke m'chikuta timati ndi mtayo. Sapatsidwa dzina. Amakamuika azimayi akuluakulu okha, mwakachetechete, opanda bokosi, opanda nyimbo. Mayi wake saloledwa kulira, amati akalira sadzaberekanso. Malemu mayi anga anandigwira pakamwa n'kunena kuti, "Anali madzi chabe, mwanawe, iwala." Tizovala take tonse anamuika nato. Ine sindinamuone ngakhale kamodzi, ndipo ndinamvera mwambo mpaka ndinasiya kumuwerenga.

Tsopano anali patsogolo panga. Pansi pa kachipewa panatuluka titsitsi takuda tonyowa. Kenako chipumi chosalala, tinsidze tosaoneka bwino, ndi zikope ziwiri zotseka. Kuchokera pamenepo mpaka pansi panalibe kanthu, mtundu wa phulusa wokhawokha.

"Bambo anati dzina lake ndi Maureen," anatero Asiya.

"Pitiriza," ndinamuuza. "Tsitsa ndione m'munsimu."

"Palibe, mayi. Ndi pomwepa."

"Yambiranso pulogalamu yakoyo. Ndigulitsa mbuzi, itanitsa kabokosi kena, ngakhale ku Joni."

"Kabokosi kalipo, mayi. Disiketi ndi imene munaithyola."

Ndinalira maliro amene ndinawameza zaka zoposa makumi awiri. Atsibweni anayesa kunditonthoza kuti anthu amva, koma Che Bakili anawagwira mkono n'kunena kuti, "Asiyeni."

7

Tsiku la msika lotsatira ndinakaima pakhomo pa shopu ya Asiya, pomwe ndinamutukwanira, n'kunena mokweza kuti ndinamunamizira. Amene anajambula tsiku loyamba lija sanajambule zimenezi. Ndinapitanso ku Magomero ndi atsibweni kukagwada kwa akuchimuna. Anatilandira mozizira, koma chitomero sichinathe.

Kenako ndinapita ku Mpama. Amuna anga ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo, akukhomera mpini wa khasu. Ndinagwada chapatali.

"Bambo a Limbikani, ndamuona."

Sanatembenuke. "Mwaona chipumi."

"Munamujambula liti?"

"Ndinali ndi kamera ya kuntchito m'chikwama, ija tinkajambulira minda, yosungira zithunzi padisiketi. Inu munali kuchipatala china, simukudziwa kanthu. Ndinati mukadzuka mudzamuone mmene analili tsiku loyamba. Atamwalira, apongozi anati pasatsale kanthu kalikonse, mukaona mudzalira ndipo mimba idzatseka. Ndinali mkamwini watsopano, ndikanatsutsa ndani? Koma kutaya ndinalephera. Dzinalo ndinamupatsa ndekha panjira, pobwerera kunyumba."

"Nanga bwanji tsopano?"

"Tsiku lija mkazi wa Limbikani anachira, munanyamula mdzukulu wathu n'kunena chapansipansi kuti, 'Kaya uja anali wotani.' Munkayesa sindinamve."

Ndinali nditaiwala kuti ndinanenapo zimenezo.

"Mukanangondiuza," ndinatero. "Ndinakufunsani ndithu."

Apa ndi pamene anaika khasu pansi n'kundiyang'ana.

"Asiya anati mwina zitheka, mwina ayi. Ndinakubweretserani kale uthenga wa mwana ameneyu kamodzi, muli pabedi la kuchipatala. Ndinaopa kukulonjezani kachiwiri n'kubweranso chimanjamanja."

Ndinasendera pafupi.

"Ndiuzeni ndinu tsono. Inu munamuona. Mphuno yake inali yotani? Kamwa anatengera ndani?"

Anatseka maso nthawi yaitali. Ndinadikira, ndipo ulendo uno ndinadikiradi.

"Sindikukumbukanso, Nester," anatero. "Ndayesa chaka chonse chino. Inenso ndimafuna ndimuonenso."

8

Anabwerera kunyumba mvula yoyamba itagwa, ankhoswe atakambirana. Sananditukwanepo, sanandikumbutsepo, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandikalipira kuti ndipepukidwe. Ulangizi ndinapempha kuti ndiyambe ndapuma. Ndikakhala pamaso pa mkwatibwi, mawu amandithawa.

Asiya, mwana amene ndinamuchititsa manyazi, anasindikiza chithunzi chija n'kunditumizira mu envulopu. Anafunsa ngati adule mbali yotuwayo kuti chioneke bwino, ine ndinakana. Chili pakhoma pabalaza, pakati pa zithunzi za ana anzake. Azakhali ena atabwera anati zimenezi n'zosayenera, mtayo sapachikidwa pakhoma. Ndinawayankha mwaulemu kuti dzina lake ndi Maureen, ndipo tiyi wawo akuzizira.

Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga a mtima wapachala ngati wanga, sindikuuzani kuti amuna onse obisa zinthu ndi angelo. Ambiri amabisadi zonyansa, ndipo ndawaweruzapo milandu yawo. Koma ine ndinapemphedwa kudikira pang'ono pokha, ndi munthu amene sanandinamizepo, ndipo ndinakana chifukwa ndinkaopa kusekedwa. Abambo nanunso, chinthu chikakhala cha anthu awiri musachisenze nokha mpaka mnzanu ayambe kuchiopa. Ndipo ngati muli ndi madisiketi kapena makompyuta akale m'nyumba, pitani nawo kwa odziwa adakali ndi moyo, chifukwa nawonso amakalamba.

Mdzukulu wanga wayamba kuyankhula tsopano. Tsiku lina analoza pakhoma n'kufunsa kuti, "Agogo, nanga pakamwa pake pali kuti?" Agogo ake aamuna anatsegula pakamwa kuti anene kuti kompyuta inalephera. Ndinawatsogolera.

"Panali pakubwera, mwanawe. Ine agogo ako ndi amene sindinadikire."